Sira Inali Bwinobwino Koma Kambuku Anachoka: Lipoti la ku Nkhalango ya Temengor

Lipoti lino ndi la dera limodzi la m'nkhalango ya Belum-Temengor, kumpoto kwa chigawo cha Perak m'dziko la Malaysia, kufupi ndi malire a Thailand. Gulu lathu, lomwe ntchito yake ndi kuwerenga nyama ndi makamera komanso kukonza maulendo a alonda, linapatsidwa funso lalifupi. Kambuku wamkazi, uja wamkulu wamizeremizere wa ku Asia, ankajambulidwa kawirikawiri pa msana wa phiri lina, kenako anangoti zii. Oyang'anira ankafuna kudziwa chifukwa chake, ndiponso kumene angatumize alonda ochepa amene anali nawo. Kumunsi kwa phirilo kuli malo amene nyama zimadya dothi ndi kumwa madzi a mchere, omwe anthu a kumeneko amawatcha sira. Dzina la sirayo, la mtsinje ndi la phiri sindilemba muno, ndipo ndachita dala, chifukwa malipoti ngati ano amawerengedwanso ndi anthu otchera makhwekhwe.

Malo ake

Belum-Temengor ndi nkhalango ya mahekitala oposa 300,000. Msewu waukulu wochoka ku Gerik kupita ku Jeli, umene unatsegulidwa mu 1982, unaidula pakati. Kumpoto kwa msewu kuli Royal Belum State Park, ya mahekitala 117,500, imene inakhala malo otetezedwa mu 2007. Kumwera kuli Temengor, kumene boma limaloleza makampani kudula mitengo ya matabwa m'zigawo zina. Pakati pake pali nyanja yochita kupanga, yomwe inabwera chifukwa cha damu lomangidwa pa mtsinje wa Perak m'zaka za m'ma 1970. Eni nkhalangoyi kuyambira kale ndi a Orang Asli, makamaka mitundu ya Jahai ndi Temiar. Sira ya m'lipoti lino ili mbali ya Temengor, m'chigawo chimene mitengo inadulidwapo kale.

Akambuku a ku Malaysia atsala pang'ono kutha. M'zaka za m'ma 1950 ankaganiziridwa kuti analipo pafupifupi 3,000. Kalembera wa dziko lonse amene anachitika kuyambira 2016 mpaka 2020 anasonyeza kuti sakukwana 150. Ku Belum-Temengor kwenikweniko, bungwe loteteza zachilengedwe la WWF-Malaysia linapeza kuti chiwerengero chawo chinatsika ndi theka m'zaka zosakwana khumi. Choncho kusowa kwa wamkazi mmodzi woti angabereke si nkhani yoti munthu n'kungoilemba m'buku n'kupitirira.

Chimene chimakokera nyama ku sira

Munthu woona nkhalango yobiriwira chaka chonse amaganiza kuti nyama za m'menemo sizisowa kanthu. Zimasowa mchere. Mvula ya kumeneko imapitirira mamilimita 2,000 pa chaka, kuposa kawiri ya ku Lilongwe, ndipo yakhala ikutsuka dothi kwa zaka zosawerengeka. Sodiyamu amasungunuka msanga m'madzi, motero ndi amene amayamba kukokoloka. Zomera zambiri sizimufuna kwenikweni ndipo sizimusunga m'masamba, pamene potaziyamu zimakhala naye wambiri. Nyama yodya masamba imameza potaziyamu wochuluka, thupi limavutika kumutaya, ndipo pomutayapo limatayanso sodiyamu wochepa yemwe linali naye. Komatu mitsempha ndi minofu sizigwira ntchito popanda sodiyamu. Yaikazi ya bere kapena yoyamwitsa imafuna wambiri, pamodzi ndi kashiamu. Mbawala yaimuna ya kumeneko imene imagwetsa nyanga n'kumeretsa zina nayonso imafuna michere yomweyo. Palinso mfundo yoti dongo la pa sira limathandiza kumanga poizoni wa m'masamba ena kuti asalowe m'magazi, ndipo dongolo nyama zimalidyadi.

Sira zimasiyana. Zina ndi akasupe amene madzi ake amatuluka pansi atasungunula michere ya m'miyala, nthawi zina ali ofunda ndi onunkha ngati dzira lovunda. Zina ndi magombe a dothi amene njovu zakumba ndi minyanga mpaka kupanga mapanga. Yathuyi ndi ya kasupe: bwalo la matope lopanda mitengo, madzi ake otuwa, m'mbali mwake mwapererezeka ndi mapazi. Kumabwera njovu, njati za kumeneko zotchedwa seladang, nyama yaikulu ya chitamba chachifupi yotchedwa tapir, mbawala yaikulu yotchedwa sambar, kagwape kotchedwa kijang, nguluwe, nungu, ngakhale anyani a m'mitengo ndi nkhunda zakutchire. Kale kunkabweranso zipembere za mtundu wa ku Sumatra, koma mu 2015 zinalengezedwa kuti zatha m'nkhalango za Malaysia.

Sira ili ngati mjigo wa pamudzi: si malo ogona, koma njira zonse zimathera pomwepo. Kuchokera pa bwalo la matope lija, mikwaso imatuluka mbali zonse, ina yotakata chifukwa njovu zaiponda kwa mibadwomibadwo, n'kukwera m'misana ya mapiri mtunda wa makilomita angapo.

Kambuku sanyambita mchere

Kambuku amapeza mchere wake m'magazi ndi m'nyama ya zimene wagwira. Pa sira penipeni sakhalitsa, ndipo zithunzi zake pamenepo zimakhala zochepa. Pamalo poyera chonchija nyama zimakhala tcheru, ndipo njovu zikakhalapo iye amatalikira. Chimene chimamukoka ndi mikwaso.

Kuti zimenezi zimveke, tiyenera kuona kuchuluka kwa chakudya chimene amafuna. Katswiri wa ku India, K. Ullas Karanth, amene anayambitsa njira yowerengera akambuku ndi makamera ku Nagarahole m'zaka za m'ma 1990, anasonyeza kuti kambuku mmodzi amadya nyama za msinkhu wa mbawala pafupifupi 50 pa chaka, ndipo kuti zimenezi zitheke chaka ndi chaka, m'dera lake muyenera kukhala nyama zotere pafupifupi 500. M'nkhalango za ku India zokhala ndi madambo a udzu, nyama 500 zimakwana pamalo ochepa, moti akambuku amapitirira khumi pa masikweyakilomita 100. M'nkhalango ya mvula zinthu n'zosiyana. Chakudya chambiri chili m'mwamba, m'nthambi za mitengo italiitali, ndipo pansi pamafika kuwala kochepa, udzu sumera. Nyama zoyenda pansi zimakhala zochepa ndi zomwazikana. Kafukufuku wa Kae Kawanishi ndi Melvin Sunquist ku Taman Negara, paki ina ya ku Malaysia, wofalitsidwa mu 2004, anapeza kambuku mmodzi kapena awiri okha pa masikweyakilomita 100.

Pamene nyama zili zomwazikana chonchi, malo aliwonse amene zimadutsa mobwerezabwereza ndi chuma kwa mlenje. Wamkazi amasankha dera lake potengera chakudya, madzi ndi pobisa ana, chifukwa akabereka amasaka yekha kudyetsa anawo kwa chaka ndi theka kapena zaka ziwiri, ndipo akadali aang'ono sangawasiye n'kupita kutali. Wamwamuna amasankha dera lake potengera akazi, n'chifukwa chake lake limakhala lalikulu, lophimba madera a akazi angapo. Malire amawalemba pothira mkodzo pa mitengo, kupalasa pansi ndi miyendo yakumbuyo ndi kukanda makungwa, ndipo zizindikiro zimenezi amaziika m'mikwaso momwemo. Wamkazi amene m'dera lake muli sira yabwino sayenda mtunda wautali kuti akhute. Mwa njira imeneyi kasupe wa matope amakhala ndi mbali pa kakhalidwe ka nyama imene simwa n'komwe madzi ake.

Zimene tinapeza

Tinayamba ndi sira yeniyeniyo, chifukwa ndi imene aliyense ankaikayikira. Lamulo la Malaysia loteteza nyama zakutchire la 2010 limaletsa kusaka pamtunda wa mamita 400 kuzungulira sira, ndipo limaletsanso kuwononga sirayo. Alonda akale ankalitsatira lamulolo mokhulupirika: ankafika pa sira, kuzungulira, kulemba kuti zonse zili bwino. Ndipo zinalidi bwino. Kasupe ankatuluka, matope anali odzaza mapazi, panalibe khwekhwe, chisakasa cha mlenje kapena chikopa cha chipolopolo.

Vuto linaonekera titasiya kuwerenga kuchuluka kwa mapazi n'kuyamba kufunsa kuti mapaziwo ndi a ndani. Ambiri anali a njovu ndi tapir. A nguluwe analipo. A sambar, omwe anzathu a Chijahai ankanena kuti kale ankadzaza pamenepo, anali osowa kwambiri, ndipo titabwerera ku zithunzi zakale za makamera tinaona kuti sambar zinayamba kuchepa kambuku asanasowe. Njovu imodzi imasiya mapazi okwanira kupusitsa munthu kuti sira ili ndi moyo, koma kambuku sadya njovu yaikulu, ndipo tapir saigwira kawirikawiri. Pa nkhani ya kambuku, phazi lofunika ndi la sambar. Yaimuna imatha kupitirira makilogalamu 150, chakudya cha masiku angapo kwa mayi ndi ana ake, pamene kijang imalemera makilogalamu 20 kapena 30 basi.

Kenako tinatsata mikwaso umodziumodzi, kuchoka pa sira kupita kunja. Ntchito imeneyi inatheka chifukwa cha alonda a Chijahai. Iwo amadziwa kusiyanitsa mkwaso wa njovu umene sambar zimadutsamonso ndi umene sizidutsamo, ndipo amaona kamtengo kodulidwa ndi chikwanje ngakhale patapita miyezi. Makhwekhwe tinawapeza kunja kwa mamita 400 aja, pamene mikwaso imapanikizika pakati pa chiphedi ndi mtsinje, kapena pamene iwiri imakumana pa msana wa phiri. Anali a waya wochindikala, womangirira ku mtengo wanthete wopindidwa, ndi kadzenje kobisika pansi pa masamba. Nyama ikaponda, mtengo umadzuka, waya n'kumanga mwendo. M'mbali mwake anali atatchinga ndi nthambi kuti nyama isapatuke. Waya wa kukula kumeneku satchera gwape. Ena anali ochita dzimbiri, osiyidwa kalekale koma otcherabe, ndipo ndiwo amandipweteka mtima kwambiri, chifukwa amapha nyama yoti palibe amene adzabwere kudzaitenga.

Wotcherayo sanafunike kufika pa sira. Ankadziwa chimene kambuku amadziwa, kuti nyama yopita kukamwa mchere iyenera kudutsa penapake.

Mkwaso wina unatifikitsa pa msewu wakale wa mathirakitala odula mitengo. Pa mapu unkaoneka ngati wotsekedwa. Pansi, udzu unali utameradi, koma pakati panali kanjira ka njinga yamoto. Chapafupi, m'mbali mwa kamtsinje, panali msasa wakale: mapulasitiki a denga, mabatire, mapaketi a zakudya olembedwa m'zilankhulo za kunja kwa Malaysia, ndi zibenthu za mtengo wa gaharu. Gaharu ndi mtengo wonunkhira wodula kwambiri, wopangira zofukiza ndi mafuta onunkhira. Magulu ochokera ku Vietnam, Cambodia ndi Thailand akhala akulowa m'nkhalango za Malaysia kudzaufuna, n'kukhalamo milungu kapena miyezi, ndipo ali momwemo amatchera nyama, zina za ndiwo, zina zogulitsa. Mafupa, mano, zikhadabo ndi chikopa cha kambuku zili ndi msika wake kunja.

Mtembo wa kambuku uja sitinaupeze, ndipo m'lipoti lathu sitinalembe kuti anaphedwa. Tinalemba zimene umboni unkasonyeza: chakudya chake chachikulu chinatha m'mikwaso ya sira, ndipo mikwaso yomweyo, imene iyenso ankayendamo, inali yodzaza misampha yokwanira kumugwira. Kaya anakodwa kaya anasamuka ndi njala, chifukwa chake chinali chimodzi, ndipo chochita chinalinso chimodzi.

Zimene tinachita

Tinajambula mapu atsopano osonyeza sira pamodzi ndi mikwaso yake yonse ikuluikulu mpaka pamene imakumana ndi msewu, mtsinje kapena nyanja. Dera lolondera linasiya kukhala lozungulira n'kukhala la nthambinthambi. Pa mapuwo tinaika chizindikiro pamalo onse opanikizika, ndipo alonda anayamba kuyenda mkwaso wonse, osati kungofika pa sira n'kubwerera. Masiku opita ndi njira yolowera zinkasinthasintha, chifukwa mlonda wobwera tsiku lodziwika amangothandiza wotchera kudziwa tsiku lopuma. Khwekhwe lililonse linkachotsedwa, malo ake kulembedwa ndi GPS, ndi kusonyeza ngati ndi latsopano kapena lakale. Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika. Kuchuluka kwa makhwekhwe ochotsedwa kumasonyeza khama la alonda, pamene kuchepa kwa atsopano ndiko kumasonyeza kuti otchera asiya kubwera.

Makamera tinawagawa pawiri. Ofuna akambuku tinawaika awiriawiri moyang'anizana m'misana ya mapiri, kuti ajambule mbali zonse ziwiri za nyama, popeza mizere ya kambuku aliyense ndi yakeyake ndipo ya kumanja imasiyana ndi ya kumanzere. Pa sira tinaika ena ongoyang'ana nyama zodya masamba. Zithunzi za pa sira sitizigwiritsa ntchito powerengera kuchuluka kwa nyama m'nkhalango yonse, chifukwa malo amene nyama zimasonkhana amakuza chiwerengero. Zimatithandiza kuona kusintha kwa pamalo omwewo pakapita nthawi, makamaka ngati pakubwera zazikazi zokhala ndi ana. Zithunzi zonse tinkazifufuta chizindikiro cha malo zisanachoke m'manja mwathu.

Tinapemphanso kuti msewu wakale uja utsekedwe zenizeni, pokumba ngalande ndi kugwetsa kamlatho kake, osati kungoika mtengo wopingasa umene anthu awiri angaunyamule. Tinapempha kuti alendo okaona malo asamapite ku sira imeneyi. Sira zina za ku Royal Belum zimalandira alendo, ndipo ku Taman Negara kuli nsanja zobisalamo zoyang'ana pa sira, monga Bumbun Tahan ndi Bumbun Kumbang. Zimenezo zili ndi phindu lake, ndalama zimalowa ndipo anthu amaphunzira. Koma fungo la anthu likachuluka, nyama zamantha zimayamba kubwera usiku wokhawokha kapena kusiyiratu, ndipo kanjira ka alendo ndi kanjiranso ka wina aliyense.

Ntchito yathuyi inali kachigawo kakang'ono ka kusintha kwakukulu m'nkhalango yonse. Mu 2018 WWF-Malaysia inayambitsa Project Stampede, yolemba ntchito a Orang Asli ngati alonda oyenda pansi. Mu 2019 ku Royal Belum kunakhazikitsidwa gulu la alonda a Chijahai lotchedwa Menraq, mogwirizana ndi bungwe la RIMAU ndi bungwe loyang'anira mapaki a Perak. Chaka chomwecho dipatimenti ya nyama zakutchire, PERHILITAN, inayamba kugwira ntchito limodzi ndi apolisi pa Operasi Bersepadu Khazanah, ntchito yolimbana ndi opha nyama mozembera lamulo. Alonda a m'midzi alibe mphamvu yomanga munthu, choncho akapeza msasa wokhala ndi anthu amabwerera mwakachetechete n'kukaitana a mfuti. Lamulo la 2010 lija linakonzedwanso, ndipo chindapusa chachikulu chinafika pa maringgit (ndalama ya ku Malaysia) 1 miliyoni, kundende zaka mpaka 15.

Zotsatira

Makhwekhwe atsopano anachepa kwambiri m'mikwaso ya sira yathu, monga anachepera ku Belum-Temengor konse alonda atachuluka. Kijang zinayamba kuonekanso msanga. Patapita nthawi makamera a pa phiri anajambula kambuku wamwamuna akudutsa, wa mizere imene sinali m'kaundula wathu. Kudutsa kwa wamwamuna n'kosangalatsa, koma si umboni woti dera lachira. Umboni ndi wamkazi wokhazikika, ndipo wamkazi amakhazikika pamene pali sambar.

Sambar ndiye zikuchedwa. Yaikazi imakhala ndi bere miyezi pafupifupi isanu ndi itatu n'kubereka mwana mmodzi, motero gulu limene latha silidzaza msanga ngakhale osaka atachoka. Boma linaimitsa kupereka ziphaso zosakira sambar, koma kuletsa kusaka nyama imene yatsala yochepa kwambiri kumangoteteza zochepazo. Nguluwe, zomwe zimabereka ana ambiri, ndizo zinkasunga akambuku nthawi yonseyi. Kenako kumapeto kwa 2021 chigodola cha nkhumba, matenda omwewa amene alimi a kwathu amawadziwa bwino, chinafika ku Perak n'kuyamba kupha nguluwe zakutchire. Pa makamera athu nguluwe zinachepa moonekeratu. Tinawonjezera lamulo lotsuka nsapato ndi mankhwala tisanafike pa sira ndiponso pochoka, ndi loletsa kulowa m'nkhalango ndi chakudya cha nyama ya nkhumba, chifukwa kachilombo ka chigodola kamakhalitsa m'matope ndi m'nyama, ndipo malo osonkhanira nyama ndi malonso opatsirana matenda.

Anzanga a ku Malawi aona kale dongosolo limeneli, loti nyama zodyedwa zimayamba kutetezedwa nyama zolusa zisanabwere. Ku Majete, African Parks inayamba ntchito mu 2003, kubwezeretsa nyama zodya udzu, ndipo mikango inabwera mu 2012. Ku Liwonde anayamba ndi kuchotsa makhwekhwe masauzande ambiri kuyambira 2015, mikango n'kubwera mu 2018. Kusiyana kwake n'koti mapaki amenewa ali ndi mpanda ndipo nyama zimaoneka ngakhale uli m'ndege, pamene ku Temengor mlonda saona kupitirira mamita ochepa kutsogolo kwake.

Nkhani ya sira zochita kupanga

Pa mfundo imodzi gulu lathu silinagwirizane. Ena ankafuna kuti tikumbe maenje m'malo ena n'kuthiramo mchere, monga PERHILITAN imachitira m'madera ena, kuphatikizapo pafupi ndi milatho yomangidwa kuti nyama zizidutsa kunsi kwa misewu. Pa msewu wa Gerik ndi Jeli pali mlatho wotere, ndipo cholinga chake n'chomveka, popeza njovu ndi akambuku zagundidwapo ndi magalimoto pa msewu umenewu. Anzangawo ankati mchere wowonjezera ungathandize sambar zotsala kubereka bwino, ndiponso ungamwaze nyama kuti zisamadalire malo amodzi.

Ine ndinakana, ndipo maganizo anga sanasinthe. Sambar za m'dera lathu sizinathe chifukwa chosowa mchere, popeza kasupe anali akutuluka nthawi yonseyi. Sira yatsopano imabala mikwaso yatsopano, ndipo mkwaso uliwonse umafuna mlonda. Tikanakumba maenje atatu, tikanagawa alonda omwewo m'malo anayi, ena mwa malowo ali pafupi ndi misewu yakale. Mchere wothira umathanso ndi mvula, ndiye pamafunika anthu opita kukawonjezera, ndipo mapazi awo amasonyeza njira. Sira yopanga ili ndi ntchito pamene mukufuna kukokera nyama ku mlatho, kapena pamene sira yachilengedwe inamira m'damu, koma pokhapokha ndalama za alonda ake zitapezeka kale dzenje lisanakumbidwe.

Oyang'anira anasankha kudikira. Ndalama imene ikanagula mchere ndi kulipira oyenda nawo inapita ku gulu lina la alonda, loyang'anira mkwaso wa kumwera umene umakafika ku nyanja, kumene mabwato amatha kukocheza usiku. Pempho lathu loti mapu a mikwaso aziperekedwa kwa a dipatimenti ya nkhalango chiphaso chodulira mitengo chisanatuluke, kuti misewu yatsopano isadutse pa mikwaso ikuluikulu, likadali pa tebulo lawo.